Kukhala Chete kwa Achimwene ku Halale

Mudzi wa Kalumbu,
Manjawira, Ntcheu.
12 Malichi 2023

Okondedwa achimwene a Albert,

Ndine mlongo wanu Elida Nangozo. Choyamba ndifunse moyo. Mwadzuka bwanji kumeneko ku Halale, inuyo, mwana wathu Febbie, mkamwini wathu Tonderai ndi kamdzukulu kathu Tanaka? Ife kuno tilipo, kungoti maso angawa ayamba kuchita chifunga.

Kalatayi ndapatsira mayi Mwanaidi, aja a ku Mbare amene amadutsa pa Chingeni popita kwawo ku Mangochi kukapikula mpunga ndi usipa. Ndalemba chifukwa foni yanu yasiya kulira. Kale Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ndinkakhala pakhonde pa mwana wanga Loveness kudikira kuti foni yake ilire, ndimve mawu anu. Chiyambire Khirisimasi kuli zii. Loveness akayimba, akuti sikupezeka.

Nkhani ndi yakuti achimwene athu aakulu a Yonasi tinawaika m'manda mwezi watha. Sanadwale nthawi yaitali. Pa ana onse a amayi athu tatsala awiri, inu ndi ine. Kumanda anthu ankandifunsa kuti, "Nanga a ku Halale aja amva?" Ine ndinangoweramitsa mutu.

Achimwene, munachoka kuno ndili kamtsikana kosatha kusenza ndowa yodzadza. Munauza amayi kuti mukagwira ntchito pang'ono n'kubwerera. Kenako munati mubwera mukapuma ku fakitale ya ku Willowvale. Fakitaleyo munati inatsekedwa kalekale, alamu anga nawo anatisiya. Nanga chikukugwirani mwendo n'chiyani? Malo omangapo nyumba ndakusungirani kumtunda kwa dimba, ngakhale ana a Yonasi ayamba kuwaponyera diso.

Mundiyankhe. Ndipo ngati kumeneko amapezeka magalasi owerengera, munditumizireko, chifukwa ku Mvano ndayamba kupempha anzanga kuti azindiwerengera.

Ndine mlongo wanu,
Elida Nangozo


Warren Park, Harare.
20 Epulo 2023

Okondedwa azakhali,

Moni wochokera kwa ine mwana wanu Febbie. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi asisi a Loveness. Mundikhululukire Chichewa changa. Ndinabadwira kuno, ndiye pakamwa panga Chishona ndicho chimathamanga.

Kalata yanu yafika. Ababa alipo. Dzanja likuwavuta pang'ono, n'chifukwa chake ndalemba ndine. Foni yawo inawonongeka. Za maliro a ababa aakulu amva ndipo analira kwambiri. Pepani nonse kumudziko.

Za ulendo, mudikire kaye. Zinthu kuno sizili bwino kwenikweni. A Tonderai anapita ku Joni chaka chatha, akugwira ntchito yomanga nyumba ku Polokwane. Ine ndimagulitsa tomato ndi masamba pageti. Tanaka akukula, ali giredi 4, ndipo amakufunsani ngakhale sanakuoneni.

Magalasi ndagula ku Mbare, ndakulunga m'sokosi kuti asasweke. Mukavala n'kuona kuti akukuzunguzani mutu, mundiuze ndikasinthe.

Mutikumbukire m'mapemphero.

Ndine mwana wanu,
Febbie


Manjawira, Ntcheu.
18 Juni 2023

Febbie mwana wanga,

Moni, ife tilipo. Magalasi ndalandira, zikomo. Tsopano ndikuona bwino, ndipo zimene ndaona m'kalata yako sizinandisangalatse.

Dzanja likamawawa, pakamwanso pamawawa? Foni imodzi ikawonongeka, ndiye kuti Halale yense alibe foni ina? Iweyo ulibe yako? Mayi Mwanaidi ndinawafunsa pa Chingeni kuti, "Achimwene anga munawaona ndi maso?" Iwo anangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Amayi, ine ndine wonyamula makalata chabe." Munthu wamkulu sayankha choncho popanda chifukwa.

Ndikuuze zimene ndikuganiza, chifukwa ine sinditha kubisa mawu. Mwina ukuopa kuti bambo ako akabwera kuno, nyumba ya ku Halale ndi penshoni zikupulumuka. Mwina iwowo anakwatira mkazi wina kumeneko ndipo akuchita manyazi. Ngati ndi choncho anene, ife si ana.

Inu obadwira m'tauni mumayesa munthu amangomera ngati bowa. Bambo akowo ali ndi kwawo, kuli manda a mayi awo. Mulungu sapusitsika, Febbie. Munthu woiwala kwawo madalitso amamuthawa.

Ndikufuna kalata ya dzanja lawo, ngakhale mzere umodzi.

Azakhali ako,
Nangozo


Warren Park, Harare.
6 Ogasiti 2023

Azakhali,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Kalata yanu ndinawerengera kuseri kwa chimbudzi kuti ababa asandione ndikulira. Iwo anandiletsa kukuuzani, koma sindingathenso kusunga. Foni ndili nayo, koma zimenezi sindingathe kuzinena ndi pakamwa.

Nyumba ku Harare tilibe, azakhali. Imene tinakuliramo inali ya kampani, inapita pamodzi ndi fakitale. Penshoni imathera pa mankhwala. Ndife maloja, tikukhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya eni ake. Katani ndiyo imagawa pogona ababa ndi pogona ine ndi Tanaka.

Sabata ya Khirisimasi m'mipopi munalibe madzi, ndiye ababa anatenga zigubu kupita pa chibhorani, chimene inu mumati mjigo. Anagwa ali pamzere. Anthu anawabweretsa pa wilibala. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, ndipo mawu anapita. Amamva zonse, kuwerenga amawerenga, koma akafuna kulankhula pamangotuluka "aa, aa," mpaka amamenya matiresi ndi dzanja lamanzere chifukwa cha ukali. Nditawafunsa kuti, "Ndiwauze azakhali?" anapukusa mutu mpaka misozi inatuluka. Munthu amene anachoka kwawo akuyenda ndi miyendo yake sakufuna mumve kuti mwana wake wamkazi ndiye akumusambitsa ndi kumusintha thewera. Ndikudziwa kuti kwathu zimenezi n'zosayenera. Iwo amatseka maso, ine ndimayang'ana kukhoma. Palibe wina woti achite.

A Tonderai akuti andipezera ntchito ya m'nyumba kwa abwana awo, ndinyamuke. Tsiku lina pafoni anandifunsa kuti, "Kodi ndinakwatira iwe kapena bambo ako?" Nditawafunsa kuti ababa ndiwasiyire ndani, anadula foni.

Sabata yatha mayi eni nyumba anandiitanira pakhomo pawo. Anati, "Mwanangu, sindikudana nawe, koma sindikufuna maliro pabwalo panga. Makamaka a munthu wopanda kumudzi. Mizimu ya mabhurandaya imakakamira pamalo." Limenelo ndi dzina limene amatitcha ife a ku Malawi. Akuti mwezi wa mawa ukamatha tikhale titachoka. Kopita sindikukudziwa. Kulikonse kumene ndafunsa, akamva kuti ndili ndi wodwala wogona, amati chipinda chatengedwa kale.

Pali chinthu china chimene chikundisautsa kuposa zonsezi. Amayi a Mvano a ku tchalitchi chathu anabwera kudzatipempherera. Atayamba nyimbo, ababa anayimba nawo. Mawu onse omveka bwino, ndime yonse, ndi besi yawo ija. Ndinakuwa kuti achira! Nyimbo itatha ndinagwada pafupi n'kunena kuti, "Ababa, tchulani dzina langa." Panangotuluka "aa." Anesi akuti zimachitika, si zachilendo. Koma ine Mulungu ameneyu ndimumvetse bwanji, azakhali? Mawu omuyimbira Iye anawasiyira, koma oti andiuze pamene pakuwawa anawalanda.

Munati woiwala kwawo madalitso amamuthawa. Ababa sanaiwale. Ndikangotchula Ntcheu amandigwira dzanja osalisiya.

Mundiyankhe msanga. Ndilibe wina woti ndimuuze zimenezi.

Febbie


Manjawira, Ntcheu.
15 Okutobala 2023

Achimwene,

Moni ndapereka, ngakhale sindikudziwa ngati mukuufuna.

Iyi ndatumiza pa positi, pa keyala ya tchalitchi chanu, kuti ikupezeni inuyo m'manja osadzera kwa mwana wanu. Mayi Mwanaidi sakuonekanso pa Chingeni. Kaya mwawaletsa, kaya atopa ndi kundinamiza, mukudziwa ndinu.

Ndinapempha mzere umodzi. Ndadikira dzinja latsala pang'ono kufika. Malo aja ndawapatsa ana a Yonasi, agalauza kale, adzalapo chimanga.

Lachinayi lililonse ku Mvano ndinkatchula dzina lanu pamodzi ndi apaulendo. Anzanga ankandiseka kuti wapaulendo wanji wosafika. Tsopano ndasiya. Amayi anamwalira maso ali kunjira. Ine sindifa choncho. Kuyambira lero ndizidziwerengera kuti pa mimba ya amayi ndatsala ndekha.

Musavutike n'kuyankha.

Elida


Hatcliffe, Harare.
28 Disembala 2023

Elida.

Ndine. Dzanja lamanzere.

Ndinagwa. Mawu palibe.

Sindinakwatire.

Usakalipire mwana. Mwana watopa.

Yonasi ndalira.

Malo alime. Ine pafupi ndi amayi basi.

Lachinayi usasiye.

Albert

Azakhali, ndine Febbie, ndikuwonjezera m'munsi muno. Mizere yokhotakhotayi ndi ya ababa, akuyankhanso kalata yanu ya Juni ija imene ndinadzawaonetsa. Yawatengera masabata, ndipo mapepala ambiri anang'amba okha ndi mano.

Kalata imene ndinakulemberani mu Ogasiti simunailandire, ndadziwa tsopano. Nditangoipereka kwa mayi Mwanaidi, amuna awo a Sefu anamwalira mwadzidzidzi. Pa chipembedzo chawo cha Chisilamu mkazi wamasiye amakhala m'nyumba miyezi ingapo osayenda ulendo. Kalata yanga inali m'chikwama mwawo nthawi yonseyi, ine n'kumaganiza kuti mwawerenga ndipo mwangotisiya. Ayambiranso kuyenda sabata ino, ndiye zonse ziwiri zikupezani pamodzi. Muyambe ya Ogasiti.

Yanu ya pa positi anabwera nayo mkulu wa mpingo ine ndili kumsika, n'kuwapatsa ababa m'manja monga munafunira. Nditabwera ndinawapeza atatembenukira kukhoma. Phala anakana, mankhwala anakana, mpaka ndinaopa. Tsiku limene anavomera kudya ndi limene analoza cholembera cha Tanaka.

Tinasamuka. Tili ku Hatcliffe, kumpoto kwenikweni kwa tauni, m'kanyumba ka matabwa kamene anatipezera m'bale wa mayi Mwanaidi. Masana malata amatentha ngati uvuni, mvula ikagwa ndimakoka bedi la ababa kulisuntha pakati. Tchalitchi chili kutali, pamafunika kukwera maminibasi awiri, amene kuno timati kombi, ndipo sindingawasiye okha. Chisamukire sindinapiteko.

Sindikukusungirani mangawa. Simunadziwe.


Manjawira, Ntcheu.
21 Januwale 2024

Achimwene anga, ndi iwe Febbie mwana wanga,

Moni wanga ndi wa manyazi. Makalata onse andipeza tsiku limodzi. Ndinawerengera pompo pa golosale ya pa Chingeni, ndipo ndinangokhala pansi m'matope. Mayi Mwanaidi ndiwo anandidzutsa. Iwo amene angoika kumene amuna awo ndi amene ankanditonthoza ine.

Achimwene, ndinakulasani muli chigonere. Pepani. Febbie, ndinakutcha wakuba pamene iwe unkachita zimene ine mlongo wawo ndikanayenera kuchita. Ndinalankhula za Mulungu ngati ndimadya naye mbale imodzi, ngati amandiuza amene akumulanga ndi chifukwa chake. Pakamwa panga pandichititsa manyazi.

Unandifunsa za nyimbo, kuti Mulungu umumvetse bwanji. Yankho ndilibe, mwana wanga, ndipo sindiyerekezanso kumuyankhira. Ndingokuuza zimene zinandichitikira ine. Loveness si mwana yekhayo amene ndinabereka. Anzake onse ndinawaika m'manda ali aang'ono, awiri a iwo m'dzinja limodzi. Nthawi imeneyo ndinkapita ku tchalitchi mtima uli wakuda bii. Ndinkakhala kumbuyo, osayimba, osatseka maso. Mumtima ndinkangoti, "Ndabwera, mundione zimene mwandichita." Ndinachita zimenezo chaka chathunthu. Sanandifotokozere kanthu mpaka lero. Koma sanandithamangitse, ndipo tsiku lina ndinangozindikira kuti ndadzuka n'kupita kumunda. Ngati wakwiya, kwiya pamaso pake. Amapirira. Choopsa ndi kumufulatira.

Lachinayi lapitali ndinaimirira ku Mvano n'kuuza anzanga zonse. Dzina lanu achimwene labwerera, ndipo la Febbie lawonjezeredwa.

Tsopano tamvani. Abusa atipezera m'mabuku akale za ubatizo wanu ndipo alemba kalata, ndaika momwemu. Febbie, pita nayo kumene amapereka mapepala a ulendo. Ubwere nawo bambo ako. Kuno kuli anyamata a Yonasi oti aziwasambitsa, kuli khonde loti aziwothera dzuwa. Iwe ukawatula, upite kwa mwamuna wako banja lisanathe.

Ndatumiza nyemba pang'ono ndi nsinjiro zothira m'phala.

Ine wolakwa,
Elida Nangozo


Hatcliffe, Harare.
14 Epulo 2024

Azakhali okondedwa,

Moni kwa inu ndi asisi a Loveness. Nyemba zinafika, zikomo. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinkafuna ndikulembereni nkhani yabwino. Sinabwere.

Kalata ya abusa ndinapita nayo. Vuto ndi dzina. Ababa atafika kuno ali mnyamata, kalaliki wa ku fakitale analemba Gozo m'malo mwa Ngozo, ndipo chitupa chawo chinatuluka choncho, chili ndi chilembo chosonyeza kuti ndi mlendo. Ndiye kuno ndi mlendo, pamene pa mapepala a kwanu a Ngozo ndi a Gozo ndi anthu awiri. Anandiuza kuti mwini wake abwere adzayankhe mafunso. Ndinati salankhula. Bambo wina wachifundo kumeneko anandikhazika pansi n'kundiuza kuti zikhoza kutheka, koma zitenga nthawi.

Nthawiyo ndi imene tinalibe. Mu Malichi sitiroko inabweranso. Tsopano ababa satha kukhala tsonga, kumeza kukuvuta, cholembera sagwiranso. Nyimbo zija nazo zinatha. Anesi anandiuza mosabisa kuti ulendo wa basi wodzera ku Tete sangaupirire, akafera panjira. Ndiye ngakhale pepala litatuluka mawa, lilibenso ntchito.

Pa Pasaka a Tonderai anabwera. Sanagone kuno. Anaima pakhomo, n'kuyang'ana zofunda zimene ndinayanika, n'kumva fungo la m'nyumba. Tanaka anali akutsokomola. Anati, "Mwana wanga sangakulire muno. Ndikukamusiya kwa amayi anga ku Murehwa." Ndinafuna kukuwa, azakhali, koma ndikanati chiyani? Ananena zoona. Mwana ankalembera homuweki pa chigubu, pafupi ndi beseni la agogo ake. Ndinamulongedzera zovala ndi manja angawa. Pokwera kombi anandifunsa za agogo ake m'Chishona kuti, "Amayi, sekuru akachira mubwera kudzanditenga?" Ndinati inde. Sabata yatha ndinayimbira a Tonderai ku Joni, anayankha ndi mkazi.

Ndikuuzeni chinthu chimene sindinauze munthu. Tsiku lina masana, nditamaliza kuchapa, ndinagwada pafupi ndi bedi. Ndinkayesa ababa ali mtulo. Ndinapemphera mokweza kuti, "Ambuye, ngati simuwachiritsa, atengeni. Ndatopa." Nditatsegula maso, anali akundiyang'ana. Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Koma iwo anakweza dzanja lamanzere lija, n'kulisanjika pamutu panga, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu wovomereza pemphero. Tinalira tonse. Kenako ndinawamwetsa phala, ndipo anamwa lonse.

Sanawatenge. Sanawachiritse. Kutacha ndinadzuka n'kuwatembenuza monga mwa masiku onse. Ndikupempherabe monga munandiuzira, ndili wokwiya. Mawu ambiri ndilibe. Ndimangoti, "Ndili pano." Nthawi zina ndimaona ngati akumva, nthawi zina ndimangomva malata akulira ndi dzuwa.

Musawadikirenso ababa, azakhali. Muwauze a kumudzi kuti sabwera. Zoti akagone pafupi ndi agogo sindikuona njira yake, ndipo sindinalimbe mtima kuwauza.

Mundilembere. Makalata anu ndimawawerengera mokweza, amakonda.

Mwana wanu,
Febbie


Hatcliffe, Halale.
23 Juni 2024

Loveness mwana wanga,

Moni kwa iwe, amuna ako ndi ana. Ndinafika bwino, usade nkhawa. Mbuzi zako zimene unagulitsa kuti ndipeze chikalata cha ulendo sizinapite pachabe. Miyendo inatupa m'basi, ndipo pa mlatho wa ku Tete ndinatseka maso mpaka titawoloka. Mayi Mwanaidi anandisamala ngati mayi awo, sanandisiye mpaka pakhomo.

Kuno kukuzizira koopsa. Halale amene tinkamumva uja si ameneyu. Ndi fumbi, tinyumba ta matabwa, ndi mizere ya zigubu.

Febbie sanadziwe kuti ndikubwera. Ndinamupeza akufinya bulangete, woonda ngati bango, manja atang'ambika ndi sopo. Anandiyang'ana n'kundifunsa m'Chishona, kaya amati ndikufuna ndani. Ndinati, "Ndikufuna mwana wa achimwene anga." Bulangete linagwera m'fumbi.

Amalume ako ndinasiyana nawo ali mnyamata wamtali wonyamula thumba la chimanga paphewa limodzi. Ndinapeza kankhalamba kochepa ngati mwana, katagona chammbali. Poyamba sanandizindikire, ankangondiyang'ana ngati mlendo. Ndiye ndinayamba kutchula mayina a ana a amayi motsatana, kuyambira Yonasi, monga ankatiitanira amayi nthawi ya chakudya. Ndisanafike pa langa anandigwira chitenje. Ndinagwada kuti ndipepese za kalata ija, koma iwo ananditseka pakamwa ndi dzanja. Ndinayesanso, ananditsekanso. Basi ndinasiya.

Lamulungu loyamba ndinauza Febbie kuti andikweze kombi ndipite ku tchalitchi chawo. Ambiri kumeneko ndi ana a anthu akwathu, Chichewa akumva ngakhale amayankha m'Chishona. Nthawi ya alendo itakwana ndinaimirira. Ndinati, "Ine ndine Nangozo wa ku Ntcheu. Ndabwera kudzafunsa ngati mpingo uno uli ndi amuna. Mkulu mnzanu amene ankayimba nanu besi akusambitsidwa ndi mwana wake wamkazi." Ukundidziwa pakamwa panga, panandilakwitsa kale, koma tsiku limenelo sindikudandaula napo. Tsopano abambo awiri amabwera mosinthana. Mmodzi ndi wopuma ntchito amene ankagwira nawo ku Willowvale, ndipo anati sankadziwa kumene anasamukira. Akamawasambitsa amawasimbira nkhani za ku fakitale, amalume ako n'kumaseka ndi mbali imodzi ya nkhope.

Usaganize kuti zinthu zasintha kwambiri. Achimwene sachira. Zilonda za kumsana zikuvuta, ndipo akudya pang'ono. Ndinawauza ndekha kuti kumudzi sadzafika, chifukwa mwana uja zinkamulemera. Ndinati, "Achimwene, nthaka ya kuno ndi ya kwathu mwini wake ndi mmodzi. Tsiku lodzutsa anthu ake sadzasochera." Anayang'ana kudenga nthawi yaitali, kenako anatseka maso. Kaya anavomera kaya ayi, sindikudziwa.

Loweruka likubwerali Febbie akupita ku Murehwa kukaona Tanaka. Ngati apongozi ake amupatse mwanayo, sitikudziwa. Za banja lake sindifunsa. Dzulo ndinamumva akupemphera kuseri kwa nyumba, ndipo ndinamva dzina la mwana wake ndi langa. Ndinabwerera mwakachetechete.

Tsopano nkhani imene ndalembera. Pamalire anandipatsa masiku owerengeka, ndipo akutha sabata ino. Mayi Mwanaidi anabwera kudzanditenga. Anati, "Amayi, mukapitirira mudzavutika potuluka." Ndinayang'ana pabedi, ndinayang'ana Febbie, n'kuwauza kuti apite okha. Mkulu wa mpingo akuti ayesa kukandipemphera masiku ena. Akakana, akane. Wondifuna adzandipeza pampando uno, kothawira ndilibe.

Ndiye usandidikire. Chimanga changa ukolole, uike m'nkhokwe mwako. Nkhuku ugawire ana. Ku Mvano uwauze kuti amene ankatchula apaulendo uja naye azimutchula. Ndidzabwera ndikawaperekeza amalume ako, kaya ndi mwezi wa mawa kaya ndi chaka cha mawa. Zimenezo akudziwa ndi Ambuye, ndipo ndasiya kuwafunsa tsiku.

Ndilekere pano, nthawi yowatembenuza yakwana ndipo ndaphunzira kuchita ndekha. Dzuwa lili pamutu, koma Febbie ali mtulo pamphasa, nsapato zili kuphazi. Anati angotsamira pang'ono. Sindimudzutsa.

Ndine mayi ako,
Elida Nangozo